Fodya woyera ngati pepala uja, vayirasi akulowapo bwanji pa matenda a tomato?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Chithunzi ndaikachi ndi cha ku labu kwathu, ambiri munandifunsa ulendo uja kuti kodi kusukuluko mumapanga chani kwenikweni ndiye ndati muone ndi maso. Chomera chili kumanjacho masamba ake apamwamba ayera mbee koma sichikudwala ayi, tachiyeretsa dala ndife

Bambo a Chisomo ku Lizulu: Aaa ameneyu si fodya uyu? Mwamuthira chani, Jik kapena?

Tadala: Ndi wachibale wa fodya bambo, dzina lake Nicotiana benthamiana, kwawo ndi ku Australia amamera yekha kutchire. Sitinathire mankhwala aliwonse, tamupatsa vayirasi masabata atatu apitawo ndipo vayirasiyo wathimitsa jini imodzi yokha ya chomeracho yotchedwa PDS, jini ndi kachigawo ka malangizo achibadwa a chamoyo

Nachisale: Iii Tadala mwanangu ukudwalitsa mbewu dala? Ife kuno tikulira ndi khate la chinangwa, nthochi zinatha ndi chisaka ku Thyolo, iwe uli kalikiliki kufalitsa mavayirasi

Tadala: Ndikumvetsa amayi, nanenso tsiku loyamba zinandivuta kuzilandira chifukwa kwathu vayirasi timangomudziwa ngati mdani basi. Koma tandilolani ndifotokoze pang'onopang'ono. Chomwe tikufuna kudziwa ife si za vayirasi ayi, ndi za bakiteriya, tomato akagwidwa ndi bakiteriya ndi majini ati amene amamuteteza ndipo ndi ati amene bakiteriyayo amawanyengerera kuti amutsegulire khomo. Tomato ali ndi majini opitirira 30,000 ndiye simungangoyang'ana n'kuloza kuti ndi iyi. Njira yake ndi kuthimitsa imodziimodzi n'kuona chomwe chasintha. Vayirasi ndi amene timamutuma kukathimitsako

aPhunzitsi a Bio: Apa ndatchera khutu. Ana a Form 4 ndimawaphunzitsa za DNA ndi majini koma zoti vayirasi angathimitse jini ya chomera sindinaziwerengepo mu buku lathu. Zimatheka bwanji achemwali?

Tadala: Aphunzitsi nkhani yake ili chonchi. Chomera chilibe asilikali a m'magazi ngati ife koma chili ndi njira yake yolimbanirana ndi vayirasi. Vayirasi akalowa n'kuyamba kuswana, chomera chimagwira RNA yake, uthenga wa majini ake wolembedwa ngati mzere wa zilembo, n'kuiduladula tizidutswa tating'ono kwambiri ta zilembo 21 mpaka 24, kenako tizidutswa timeneti chimatigwiritsa ntchito posaka china chilichonse chofanana nato n'kuchiwononga. Zili ngati galu amene mwamununkhitsa malaya a wakuba, aliyense amene akumveka fungo limenelo amamugwira. Ndiye ife timatenga kachidutswa ka jini ya chomera chomwecho, zilembo 300 kapena chapomwepo, n'kukalumikiza mkati mwa vayirasi. Chomera chikamaduladula vayirasi chimadulira kumodzi ndi kachidutswa kaja, galu uja wanunkha fungo la mwini nyumba tsopano, ndiye uthenga uliwonse wochokera ku jini imeneyo ukangotuluka ukuwonongedwa. Jiniyo ilipo ndithu sitinaichotse koma mawu ake sakufika. Dzina la njirayi ndi VIGS

aPhunzitsi a Bio: Zamveka bwino kwambiri, chitsanzo cha galucho ndichibwereka. Nanga kuyerako?

Tadala: PDS imathandiza kupanga ma carotenoid, omwe aja amapangitsa karoti kukhala wofiirira, ndipo m'tsamba ntchito yawo ndi kuteteza mtundu wobiriwira kuti usapse ndi kuwala. Mukathimitsa PDS zobiriwira zija zimapserera tsamba n'kutsala loyera. Ndiye chomera choyerachi ndi mboni yathu chabe. Majini enawo mukawathimitsa simuona chilichonse ndi maso, chomera chimangooneka bwinobwino, ndiye nthawi zonse timadzala zingapo za PDS pambali, zikayera timadziwa kuti zinzake zonse zakonzeka, nthawi yobweretsa bakiteriya yakwana

Kondwani Joni: Sisi izi mwatulukira inuyo kapena zinalipo kale?

Tadala: Zinalipo kale achimwene. Fodya woyamba kuyera motere anamulemba mu 1995 ku California, ankagwiritsa ntchito TMV, vayirasi yemwe uja wa mosaic alimi a fodya amamudziwa bwino. Kenako gulu la David Baulcombe ku Sainsbury Laboratory ku Norwich linagwiritsa ntchito vayirasi wa mbatatesi PVX mu 1998, ndipo ndi omwewo anapeza tizidutswa ta RNA tija mu 1999. Amene tikugwiritsa ntchito ambirife lero ndi TRV, tobacco rattle virus, anayamba ndi a Baulcombe omwewo mu 2001 kenako gulu la Dinesh-Kumar ku Yale linamukonzanso mu 2002 n'kuonetsa kuti amagwira mu tomato. Ubwino wa TRV sadwalitsa chomera kwambiri komanso amafika mpaka kunsonga kumene kukuphuka masamba atsopano, mavayirasi ambiri kumeneko safikako

Bambo a Chisomo ku Lizulu: Ine ndamva ngati mmene amachitira okonza njinga yamoto, ikavuta amazula waya umodzi n'kuyesa kuliza, kubwezera, kuzula wina, mpaka adziwe waya uti ndi wa chani

Tadala: Ndi zomwezo bambo ndendende. Kusiyana kwake mawaya athu ndi masauzande

Mlangizi Dedza: Funso langa ndi la manja, vayirasiyo mumamulowetsa bwanji? Ife timadziwa kuti amafuna nsabwe kapena ntchentche zoyera zija kuti asamuke, kapena manja a munthu wosuta fodya pa nkhani ya TMV

Tadala: Apa mpamene pamasangalatsa alangizi chifukwa timatumanso bakiteriya wina, Agrobacterium, yemwe uja amatupitsa zomera patsinde ngati chotupa. Mwachilengedwe chake iyeyu amadziwa kulowetsa DNA yake mu selo ya chomera. Majini otupitsawo anachotsedwa, m'malo mwake timamusenzetsa DNA ya vayirasi. TRV ali ndi zigawo ziwiri, TRV1 ndi TRV2, kachidutswa kathu kamalowa mu TRV2. Timalera ma Agrobacterium awiriwo padera, kuwasakaniza, kenako timatenga sirinji yopanda singano n'kukanikiza kunsi kwa tsamba chala china chikutchinga pamwamba, madziwo mumawaona akuyenda mkati mwa tsamba ngati mafuta papepala. Mbande zimakhala zazing'ono, za tomato timabaya masamba awiri oyambirira aja. Basi kuchoka apo vayirasi amadziyendera yekha

Nachisale: Ndiye bakiteriya kutuma vayirasi kuti mukafufuze bakiteriya mnzake

Tadala: Eya amayi, onse atatu ali pa ntchito imodzi

Mlangizi Dedza: Nanga bakiteriya amene mukumufufuzayo ndi uti?

Tadala: Pseudomonas syringae wa tomato, amene amapanga timadontho takuda ting'onoting'ono pamasamba ndi pazipatso, nthawi zambiri tozunguliridwa ndi chikasu, amakonda kukazizira ndi chinyezi. Nkhani yake ndi yomwe inatsegula maso a anthu ambiri. Pali tomato wamtchire wa ku South America, Solanum pimpinellifolium, zipatso zake ting'onoting'ono ngati timatimati tija timamera tokha kuseri kwa nyumba, iyeyu ali ndi jini yotchedwa Pto imene obereketsa mbewu anailowetsa mu tomato wolimidwa pongokwatitsa maluwa. Mu 1993 Gregory Martin ndi anzake ku Cornell anaipeza jiniyo n'kuiwerenga. Bakiteriyayu ali ndi kajakisoni kake kenikeni kamene amabaya nako selo ya chomera n'kuthiramo mapuloteni pafupifupi 30 ofooketsa chitetezo. Awiri mwa amenewo ndi AvrPto ndi AvrPtoB. Tomato amene ali ndi Pto akangowamva awiriwa maselo a pamalopo amadzipha okha msangamsanga bakiteriya n'kusowa pofalikira, ngati mmene timaotchera dala mzere wa udzu kuti moto wolusa ukafika upeze papsa kale

aPhunzitsi a Bio: Ndiye ngati Pto inapezeka kale 1993, vayirasi akufunikiranji?

Tadala: Chifukwa Pto yokha siimaliza ntchito aphunzitsi. Iyo imangozindikira kuti mdani walowa, koma kuchoka pozindikira kufika poti selo ife pali unyolo wautali wa majini ena opatsirana uthenga. Wina, Prf, amene anamuwerenga mu 1996, anamupeza pogwiritsa ntchito njira yakale yosokoneza mbewu zambirimbiri ndi mankhwala n'kumafufuza imene yataya chitetezo, ntchito ya zaka. VIGS itabwera anthu anayamba kuthimitsa majini mazanamazana pa nthawi yochepa. Mu 2003 gulu la Baulcombe linayesa tizidutswa pafupifupi 5,000 mu benthamiana kufuna kuona kuti ndi titi tikathimitsidwa Pto imasiya kupha maselo, ndipo imodzi mwa zomwe zinatuluka ndi HSP90, puloteni imene anthu ankaidziwa pa nkhani ya kutentha. Chaka chotsatira gulu la Martin linapeza ina yotchedwa MAPKKK alpha mwa njira yomweyi. Imeneyi ndi imene imandikhudza mtima ine chifukwa anapeza kuti imafunika pa kufa kwa maselo koteteza kuja komanso pa kufa kwa maselo kwa matenda enieniwo, chida chimodzi mbali zonse ziwiri

Kondwani Joni: Mumadziwa bwanji kuti chitetezo chatha, mumangoona madontho?

Tadala: Maso okha sitiwakhulupirira, timawerenga. Timaboola tsamba timagawo tozungulira tofanana kukula, kutipera m'madzi, kusungunula kambirimbiri, kudontheza pa mbale za agar zomeretsera bakiteriya, pakatha masiku awiri timawerenga timadontho ta bakiteriya tamera. Timachita tsiku lomwe tabaya ndi patapita masiku atatu. Ngati chomera chothimitsidwa jini chili ndi bakiteriya ochuluka kakhumi kapena ka 100 kuposa chinzake ndiye kuti jiniyo inali pa ntchito yoteteza

Yamikani wa ku Bunda: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Sisi Tadala muwauzenso za mbali inayo, yoti vayirasi amathanso kunyamula jini ya bakiteriya osati kungothimitsa za chomera

Tadala: Wachita bwino kundikumbutsa Yami. Imeneyo ndi yotembenuza. Gulu la Brian Staskawicz ku Berkeley linatenga jini ya avrPto yokha kuichotsa mwa bakiteriya n'kuiika mu PVX, anazilemba mu 1999. Chomera chopanda Pto vayirasiyo anayenda thupi lonse. Chomera cha Pto chinamutsekereza pomwe analowera, pomwe Pto ilibe nawo ntchito mavayirasi. Bakiteriya panalibe, kajakisoni kake kaja panalibe, koma chitetezo chinadzuka. Tanthauzo lake chomera sichizindikira bakiteriya yense ngati mmene ife timazindikirira nkhope ya munthu, chimangomva puloteni imodziyo mkati mwa selo, aliyense amene wabwera nayo ndi mdani

Yamikani wa ku Bunda: Zomwe ananena Harold Flor kalekale m'ma 1940 atagwira ntchito pa matenda a dzimbiri a mbewu yotchedwa flax, jini ya chomera kuyang'anizana ndi jini ya tizilombo. Iye analibe zida zoonera koma anazipeza pongokwatitsa ndi kuwerenga

Bambo a Chisomo ku Lizulu: Zonsezi nzabwino ana anga koma ndiyankhule monga mlimi. Timadontho mukunenato ine sitinandigonetsepo ndi njala, ndikapopera kopa zimatha. Chimene chikutimaliza kudimba ndi kufota. Tomato ali bwinobwino wayamba maluwa, masana wagwetsa masamba ngati wasowa madzi pomwe pansi mponyowa, mawa lake wapita asanachite n'chikasu komwe. Chaka chino mizere inayi yatha, feteleza ndinagula pangongole. Ndapopera Dithane mpaka ndatopa. Sukulu yanuyi ikundithandiza chani pamenepa?

Mlangizi Dedza: Pepani bambo. Dithane musiyeni pa vuto limeneli mukungotaya ndalama, ameneyo ndi wa chiwawu. Mmene mwafotokozeramo zikumveka ngati kufota kwa bakiteriya, Ralstonia, amakhala m'dothi ndi m'madzi, amalowera kumizu n'kutseka njira za madzi mu tsinde. Koma tisangoganiza, mawa mamawa muzule chimodzi chofota koma chisanaume, mudule tsinde chapafupi ndi dothi, mutsuke, mulendeweretse kodulako mu tambula yagalasi ya madzi oyera osagwedeza. Mudikire mphindi zisanu. Mutiuze chomwe muone

Tadala: Bambo funso lanu ndi loyenera ndipo sindikunamizani, chomwe ndikuchita ine sichipulumutsa mizere yanu chaka chino kapena chamawa. VIGS si mankhwala, ndi njira yofunsira chomera mafunso. Koma Ralstonia amagwiritsa ntchito kajakisoni ka mtundu womwewo ngati Pseudomonas, ndipo anthu akugwiritsa ntchito TRV yemweyu kufufuza majini a tomato olimbana ndi kufota. Chovuta chake kufota kulibe jini imodzi yamphamvu ngati Pto imene mungangoilowetsa n'kumaliza. Tomato amene amadziwika kuti amapirira, Hawaii 7996, kupirira kwake kwamwazikana pa majini angapo ndipo zipatso zake ndi zazing'ono zosayenda pamsika. Obereketsa mbewu akadziwa kuti majini ake ndi ati amatha kusankha mbande zoyenera zikadali ku nazale m'malo modikira kuti zidwale kumunda, apo mpamene ntchito yathu imakumana ndi dimba lanu

Mlangizi Dedza: Ndipo pakadali pano ku Asia alimi ambiri amamezanitsa, pamwamba tomato wamsika pansi mizu ya tomato wopirira kapena ya mabilinganya, a World Vegetable Center ku Taiwan akhala akuphunzitsa zimenezi kwa zaka. Ife timamezanitsa mango ndi malalanje tsiku ndi tsiku, palibe chotiletsa kuphunzira pa tomato

Nachisale: Ine nkhawa yanga sinathe. Vayirasi mwamusokonezayo akathawa mu labu n'kulowa m'minda ya anthu? Ndipo izi si GMO zomwe zija?

Tadala: Ndi funso lofunika amayi musalisiye. Vayirasi ndi Agrobacterium amenewa ndi osinthidwa ndithu, sindibisa, n'chifukwa chake satuluka panja. Zomera zimakhala m'chipinda chotseka, ntchito ikatha chomera, dothi, mphika, magolovesi zonse zimalowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 121 zisanatayidwe. Komanso TRV kutchire amasamutsidwa ndi timinyongolotsi ta m'dothi tosaoneka ndi maso, ndipo jini imene imamuthandiza kukwera timinyongolotsito inachotsedwa mu TRV2 ya mu labu. Zomera zimenezi palibe amadya kapena kugawa mbewu yake. Pto ija ili mu tomato wa m'minda inalowa pokwatitsa maluwa basi

Yamikani wa ku Bunda: Ndipo kuno kwathu lamulo lilipo, Biosafety Act ya 2002, ntchito ya zamoyo zosinthidwa majini imafuna chilolezo. Thonje losinthidwa majini la Bt lija linayamba layesedwa m'munda wotchingidwa ku Bunda kuno lisanafike kwa alimi

Nachisale: Chabwino, bola azitsatiradi zimenezo osati papepala pokha

aPhunzitsi a Bio: Achemwali mwatiuza zabwino zake, zovuta zake zilibe?

Tadala: Zilipo zambiri aphunzitsi ndipo zina zandiliritsapo. Choyamba jini siithima yonse, imangochepa mphamvu, nthawi zina katsalako n'kokwanira kugwira ntchito ndiye mukapanda kuona kusintha simunganene kuti jiniyo ilibe ntchito. Mu tomato ndiye kuthimako kumakhala kwa mawangamawanga, tsamba lomwelo mbali ina yathima ina ayi, muone chithunzi chachiwiri ndaikachi tomato wa PDS akuoneka ngati ng'ombe yamawanga, tsono pa jini yosaoneka ndi maso mudziwa bwanji kuti mwaboola poyenera? Timayenera kuyeza RNA ya tsamba lililonse. Kwinanso kachidutswa kanu kakafanana ndi jini ina yapachibale galu uja amaluma onse awiri inu n'kumanamizira imodzi. Ndipo vayirasi mwiniwakeyo amagwedeza chitetezo cha chomera ngakhale asanyamule kanthu, ndiye chomera chofananitsira chimayenera kukhala ndi vayirasinso, wonyamula kachidutswa kopanda ntchito ngati ka GFP, jini yomwe si ya chomera. Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi kutentha. TRV amafuna pozizirira, madigiri 20 mpaka 24 chapamenepo. Chaka chatha makina oziziritsa chipinda anafa Lachisanu usiku, Lolemba tikupeza mkati muli ngati Nsanje mu Okutobala, za PDS zinangoyera pang'ono m'mitsempha basi, zomera zonse za ulendo umenewo ndinataya ndi mwezi wathunthu wa ntchito

Yamikani wa ku Bunda: Apo mpamene ndimaganizira za kuno. Zida zake si zodula kwambiri poyerekeza ndi zina, sirinji, miphika, mbale za agar, koma chipinda chozizira usana ndi usiku kwa mwezi osathima magetsi ndiye nkhani. Pafunika sola ndi mabatire odalirika musanayambe n'komwe

Kondwani Joni: Nanga CRISPR timamva ija siinalowe m'malo mwa zonsezi?

Tadala: CRISPR imadula jini kotheratu ndipo yankho lake ndi loyera kuposa la VIGS, koma kuti mupeze tomato wathunthu wodulidwa jini pamapita miyezi yambiri ya tissue culture, kumeretsa chomera kuchokera ku maselo mu labu, pa jini imodzi. VIGS ndi masabata atatu kapena anayi ndipo mutha kuyesa majini 50 nthawi imodzi. Ndiye ambiri timapeta kaye ndi VIGS, zochepa zotsala m'lichero ndi zomwe timapita nazo ku CRISPR. Palinso majini ena oti mukawadula kotheratu mbewu siimera n'komwe, amenewo VIGS imakulolani kuwaona pa chomera chokula

Mlangizi Dedza: Ndiye Pto ija ikugwirabe mpaka lero?

Tadala: Osati paliponse alangizi. Kunabwera mtundu wina wa bakiteriya yemweyo, race 1, umene Pto siutha kuuzindikira, ndipo wafala m'madera ambiri olima tomato. Gulu la Martin ku Boyce Thompson Institute linapezanso jini ina, Ptr1, mwa wachibale wina wamtchire Solanum lycopersicoides, anailengeza mu 2019. Iyi imazindikira puloteni ina yotchedwa AvrRpt2, ndipo bambo a Chisomo imvani apa, anapeza kuti imazindikiranso puloteni ina ya Ralstonia. Sizikutanthauza kuti mbewu yake ili pa shopu ayi, komanso Ralstonia ali mitundu yambiri, wa ku Lizulu ayenera kuyezedwa payekha kuti tidziwe ngati ali ndi puloteni imeneyo

Yamikani wa ku Bunda: Imeneyo ndi ntchito yoti ife tingaigwire kuno, kutolera zomera zofota ku Ntcheu, Dedza, Jenda, Bvumbwe n'kudziwa kuti tili ndi Ralstonia wa mtundu uti. Sisi mukabwera pa holide tikambirane

Tadala: Ndilipo Yami, undikumbutse ku inbox

Bambo a Chisomo ku Lizulu: Mwadzuka bwanji nonse. Alangizi ndachita zija mamawa uno. Poyamba panalibe kanthu ndinati mwina ndalakwitsa, koma patapita kanthawi kuchokera podula paja payamba kutsika timizere toyera ngati utsi wa mkaka mpaka madzi achita mbuu pansi. Chithunzi ndi icho, mwana wandijambulira

Mlangizi Dedza: Ndi yemweyo bambo, zoyerazo ndi mabakiteriya enieniwo akutuluka mu tsinde. Zofota zonse muzule ndi dothi la pamizu pake, muike m'thumba pomwepo musazikokere m'mizere, mukatenthe kutali ndi dimba komanso kutali ndi chitsime. Khasu ndi mpeni muzitsuka ndi Jik musanapite mzere wina. Madzi othirira asamayende kuchoka pomwe padwalapo kupita kwabwino. Pamalopo musabwerezepo tomato, mbatatesi, fodya, tsabola kapena mabilinganya kwa zaka zingapo, ikanipo chimanga kapena anyezi, ndipo nazale yanu isamukire pa dothi lomwe simunalimepo zimenezi. Madzi a m'tambulamo muthiremo Jik musanataye

Tadala: Bambo musanatenthe zonse musungeko matsinde awiri m'pepala louma, osati mu pulasitiki, mulembepo tsiku ndi mtundu wa mbewu. Yami ungawatenge?

Yamikani wa ku Bunda: Loweruka ndikudutsa pa Lizulu popita ku Balaka. Bambo ndikupezani pamsika cha m'ma 10 koloko, nambala yanu munditumizire ku inbox